Phunziro la Mwezi Uno: Lamulo la ku America Loti Wokalamba Alangizidwe Asanakongole Ndalama pa Nyumba Yake

Alimi ndi matenanti nonse, phunziro lathu la mwezi uno likuchokera kutali, m'dziko la United States of America. Kumeneko kuli mtundu wina wa ngongole umene umaperekedwa kwa anthu okalamba okha, ndipo chikole chake ndi nyumba imene iwo akukhalamo. Boma la dzikolo linaika lamulo loti munthu asalandire ngongole imeneyi asanakhale pansi ndi mlangizi amene sali mbali ya banki. M'phunziro lino tiona m'mene ngongoleyi imayendera, chifukwa chimene anaikira lamuloli, zimene mlangizi amanena, ndiponso pamene ulangiziwo umaperewera. Werengani mofatsa, ndipo mukambirane ndi anzanu mafunso amene ali kumapeto.

NGONGOLE YOYENDA CHAMBUYO

Ngongole ya nyumba imene anthu ambiri amaidziwa imayenda motere: munthu amakongola ndalama kubanki, nagula nyumba, ndipo mwezi ndi mwezi amabweza pang'onopang'ono kufikira ngongole itatha. Chaka chilichonse ngongoleyo imanka nichepa.

Ngongole ya okalamba siyenda choncho. Pachingerezi amaitcha reverse mortgage, ndiye kuti ngongole ya nyumba yoyenda chambuyo. Munthu amene ali kale ndi nyumba yake amaiika chikole, ndipo banki ndiyo imamupatsa ndalama. Angathe kuzitenga nthawi imodzi, kapena kumalandira mwezi ndi mwezi ngati penshoni, kapenanso kuzisiya kubanki n'kumatapako pamene wasowa. Iye sabweza kanthu mwezi ndi mwezi, ndipo dzina lake limakhalabe pa mapepala a nyumba. Ngongole yonse imadzabwezedwa iye akamwalira, akagulitsa nyumbayo, kapena akasamukamo. Nthawi zambiri nyumbayo imagulitsidwa kuti banki ipeze ndalama zake.

Amene analimapo pa utenanti angamve msanga nkhaniyi. Chimanga, feteleza ndi zina zimalembedwa m'buku nyengo yonse popanda kubweza kanthu, koma tsiku logulitsa fodya zonse zimadulidwa nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti buku la ngongole ya nyumbayi limakhala lotsegula zaka 10 kapena 20, ndipo chodulidwa pamapeto si fodya wa chaka chimodzi koma nyumba imene munthu anaivutikira moyo wake wonse.

CHIYAMBI CHAKE

Ngongole yoyamba ya mtundu umenewu inaperekedwa mu 1961 mumzinda wa Portland, m'chigawo cha Maine, kwa mayi wina wamasiye amene ankafuna kukhalabe m'nyumba yake mwamuna wake atamwalira. Mu February 1988 Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lolola boma kuikira kumbuyo ngongole zotere. Ntchitoyi inapatsidwa kwa unduna woona za nyumba wotchedwa HUD, kudzera m'nthambi yake ya FHA, ndipo ngongole ya bomayi inatchedwa HECM. Yoyamba inaperekedwa mu 1989 m'chigawo cha Kansas. Poyamba kunali kungoyesa, koma mu 1998 anaikhazikitsa. M'chaka cha boma cha 2009 chokha ngongole zoposa 114,000 zinaperekedwa. Ngongole zambiri za okalamba m'dzikolo ndi za HECM, ndipo phunziro lino likunena za zimenezi.

Dziwani kuti ndalama sizichokera kuboma. Zimachokera kumabanki ndi makampani obwereketsa. Boma limangopereka inshuwalansi, imene wotenga ngongole amailipira. Inshuwalansi imeneyi imachita zinthu ziwiri. Kampani yobwereketsa ikagwa, wokalamba amalandirabe ndalama zake. Ndiponso ngongole ikakula kuposa mtengo wa nyumba, wokalamba kapena ana ake sauzidwa kuti alipire zotsalazo. Inshuwalansi ndiyo imakwirira.

ZOYENERA KUKWANIRITSA

Kuti munthu alandire ngongoleyi ayenera kukhala ndi zaka 62 kapena kuposa. Nyumbayo ikhale yake, ndipo ngati ili ndi ngongole yakale, ndalama zatsopanozo zimayamba zatseka ngongole imeneyo. Ayenera kukhala m'nyumbamo ngati kwawo kwenikweni, osati kuibwereketsa kwa ena iye n'kukakhala kwina. Ayeneranso kupitiriza kulipira msonkho wa nyumba umene boma la dera limatolera chaka ndi chaka, kulipira inshuwalansi ya moto ndi ngozi zina, ndi kukonza nyumba ikaonongeka. Akalephera chimodzi mwa izi, banki ili ndi mphamvu yoitanitsa ngongole yonse ndi kulanda nyumba.

Kuchuluka kwa ndalama zimene munthu angalandire kumadalira zinthu zitatu: msinkhu wake, mtengo wa nyumba, ndi chiwongoladzanja cha nthawi imeneyo. Wamkulu kwambiri amapatsidwa zambiri, pakuti banki siidzadikira zaka zambiri. Palibe amene amalandira mtengo wonse wa nyumba.

M'MENE NGONGOLE IMAKULIRA

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani. Munthu akamva kuti sadzabweza kanthu mwezi ndi mwezi amaganiza kuti ngongole yagona tulo. Koma chiwongoladzanja chimene sanalipire chimaonjezedwa pa ngongole, ndipo mwezi wotsatira nacho chimabereka chiwongoladzanja china.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti munthu watenga madola 100,000, ndipo chiwongoladzanja pamodzi ndi inshuwalansi zikukwana 7 pa 100 aliwonse pachaka. Pakutha zaka 10 ngongoleyo idzakhala itafika pafupifupi madola 197,000. Pakutha zaka 20 idzakhala pafupifupi madola 387,000. Munthuyo sanatengenso kobiri ina, koma ngongole yatsala pang'ono kuchulukitsidwa kanayi.

Palinso zolipira za tsiku loyamba. Lamulo limalola wobwereketsa kutenga 2 pa 100 aliwonse pa madola 200,000 oyamba a mtengo wa nyumba, ndi 1 pa 100 aliwonse pa otsalawo, koma osapitirira madola 6,000. Mu October 2017 boma linaika inshuwalansi yoyambira pa 2 pa 100 aliwonse a mtengo wa nyumba, ndi theka la 1 pa 100 aliwonse a ngongole chaka chilichonse. Tsono pa nyumba ya madola 300,000, wobwereketsa angatenge madola 5,000 ndipo inshuwalansi yoyambira ndi madola 6,000. Amenewo ndi madola 11,000, osawerengera ndalama za woyesa mtengo wa nyumba ndi za mapepala. Kawirikawiri zonsezi sizilipidwa pamanja koma zimalowa m'ngongole momwemo, ndipo nazo zimayamba kubereka. Choncho amene watenga ngongoleyi n'kusamuka patangopita zaka ziwiri amakhala ataluza kwambiri.

CHIFUKWA CHAKE CHA LAMULO LA ULANGIZI

Kuyambira pachiyambi penipeni lamulo la HECM linati wotenga ngongole ayambe walangizidwa ndi munthu wina amene si wobwereketsa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wogulitsa ngongole amapindula pokhapokha munthu akasaina, motero sangayembekezeke kutsindika zoipa za malonda ake. Wogulayo ndi wokalamba, mwina wamasiye, mwina wodwaladwala, ndipo akalakwitsa alibenso zaka zogwira ntchito kuti agule nyumba ina. Paja akulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zimene zinachitika m'zaka zotsatira zinaonetsa nyerere zitatu.

Yoyamba inali kugulitsa zinthu ziwiri pamodzi. Ogulitsa ena ankanyengerera okalamba kuti atenge ngongole ya nyumba, kenaka ndalama zomwezo aziike m'mapangano ena a inshuwalansi amene ogulitsawo ankadyapo, ndipo wokalamba sankatha kuzitulutsanso popanda chindapusa. Mu 2008 nyumba ya malamulo inaletsa wobwereketsa kukakamiza munthu kugula zinthu zotere kuti alandire ngongole, ndiponso inalimbitsa lamulo loti mlangizi asalipidwe ndi wobwereketsa.

Yachiwiri inali kutha kwa ndalama. Mu 2012 bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ngongole, la CFPB, linauza nyumba ya malamulo kuti anthu pafupifupi 70 pa 100 aliwonse ankatenga ndalama zonse nthawi imodzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 aliwonse anali pangozi yolandidwa nyumba chifukwa cholephera kulipira msonkho ndi inshuwalansi. Anthu amene anauzidwa kuti adzakhala m'nyumba zawo mpaka imfa anayamba kulandira makalata owatulutsa. Chifukwa cha ichi, mu 2013 boma linati m'chaka choyamba munthu asatenge kuposa 60 pa 100 aliwonse a ndalama zimene wavomerezedwa, kupatula pamene pali ngongole yakale yofunika kutseka. Kuyambira mu April 2015 wobwereketsa ayenera kufufuza ngati munthuyo angathedi kumalipira msonkho ndi inshuwalansi. Akaoneka kuti sangathe, gawo lina la ndalama limasungidwa padera kuti lizilipira zimenezo.

Yachitatu inagwera akazi ndi amuna amasiye. Popeza ndalama zinkachepa ngati mmodzi m'banja ali wamng'ono, mabanja ena analangizidwa ndi ogulitsa kuti dzina la wamng'onoyo, amene kawirikawiri anali mayi, lichotsedwe pa mapepala. Bambo atamwalira ngongole yonse inkaitanitsidwa, ndipo mayi ankauzidwa kuti alipire kapena atuluke. Mu 2011 amasiye ena, mothandizidwa ndi bungwe la okalamba la AARP, anasumira unduna wa HUD, ndipo mu 2013 khoti la ku Washington linagamula kuti malamulo a undunawo sanatsate lamulo lalikulu. Pa ngongole zoyambira pa 4 August 2014, mkazi kapena mwamuna amene sanalembedwe pa ngongole angathe kukhalabe m'nyumba, ngati anali kale pabanja tsiku losaina, anatchulidwa m'mapepala, ndipo akukhalabe momwemo. Koma ndalama za mwezi ndi mwezi zimaleka, pamene msonkho ndi inshuwalansi ayenera kumalipirabe.

M'MENE ULANGIZI UMAYENDERA

Choyamba, wobwereketsa amapereka mndandanda wa mabungwe a ulangizi ovomerezedwa ndi HUD. Saloledwa kumusankhira munthu bungwe, ndipo saloledwa kumupanganira tsiku. Mwini wake ndiye ayenera kusankha ndi kuimba foni. Mlangizi amakhala woti anakhoza mayeso apadera ndipo dzina lake lili m'kaundula wa boma.

Chachiwiri, tsiku lokumana lisanafike munthuyo amalandira mapepala oonetsa mitundu ya ngongole, zolipira zake, ndi m'mene ngongole yake idzakulire chaka ndi chaka. Amamupatsiratu kuti akhale ndi nthawi yowerenga.

Chachitatu ndi kukambirana kwenikweni. Kumachitika pamaso ndi pamaso kapena pafoni, ndipo kumatenga ola limodzi kapena kuposa. Mtengo wake nthawi zambiri umakhala madola 125 kapena kupitirirapo pang'ono, koma bungwe sililoledwa kubweza munthu chifukwa choti ndi wosauka. Onse amene maina awo ali pa nyumba ayenera kukhalapo. Mkazi kapena mwamuna amene sakulembedwa pa ngongole ayeneranso kulangizidwa, kuti amve yekha ndi makutu ake zimene zidzamuchitikire mnzake akamwalira. Ana kapena abale angathe kukhalapo ngati mwini wake afuna.

Mlangizi amafunsa za ndalama zimene banja limapeza ndi zimene limaononga, za thanzi, ndiponso ngati munthuyo akuganiza zokhala m'nyumbamo zaka zambiri. Funso la thanzi ndi lofunika, chifukwa munthu akakhala kuchipatala kapena kunyumba yosungirako okalamba miyezi 12 yotsatizana, amawerengedwa kuti wasamuka ndipo ngongole imaitanitsidwa. Mlangizi amafotokozanso za ana. Makolo akamwalira, ana amene afuna kusunga nyumba ayenera kulipira ngongole yonse kapena 95 pa 100 aliwonse a mtengo wa nyumba, malinga ndi chimene chili chochepa. Akagulitsa nyumba ndipo ndalama zikatsala, zotsalazo ndi zawo. Amachenjezanso kuti ndalama za ngongole zikangosungidwa kubanki zingamuchotsetse munthu pa thandizo limene boma limapereka kwa osauka okha, monga la chipatala lotchedwa Medicaid.

Ntchito ina yaikulu ya mlangizi ndi kuonetsa njira zina. Mwina munthuyo angagulitse nyumba yaikulu n'kugula yaing'ono. Mwina kudera kwake kuli lamulo lochepetsera okalamba msonkho wa nyumba. Mwina pali thandizo la boma la mankhwala, chakudya kapena kukonzera denga limene iye akuyenera kulandira koma sakulidziwa. Wogulitsa ngongole sapindula kanthu potchula zimenezi, n'chifukwa chake lamulo linazipereka m'manja mwa mlangizi.

Chachinayi ndi chikalata. Malamulo amene anatuluka mu 2010 anati mlangizi azifunsa mafunso 10 pofuna kuona ngati munthu wamvadi, ndipo wolephera kuyankha 5 asapatsidwe chikalata tsiku limenelo, koma akumanenso. Chikalatacho chimasainidwa ndi mlangizi ndi wolangizidwa, ndipo chimagwira ntchito masiku 180. Popanda icho wobwereketsa sangapitirize ntchito ya ngongole kapena kulipiritsa munthuyo. Chigawo cha California chinaonjezerapo lamulo lake loti papite masiku 7 munthu atalangizidwa wobwereketsa asanalandire pempho lake. Ngakhale atasaina mapepala omaliza, munthu amene wakongola pa nyumba imene akukhalamo kale amakhalabe ndi masiku 3 a ntchito oti angathe kusintha maganizo popanda chilango.

PAMENE ULANGIZI UMAPEREWERA

Musaganize kuti lamuloli linathetsa mavuto onse. Mu 2009 ofesi yofufuza ntchito za boma, ya GAO, inatuma anthu ake kuti akadzionetse ngati ofuna ngongole pa maulangizi 15. Anapeza kuti zimene alangizi ankanena zinali zoona ndi zothandiza, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anafotokoza mitu yonse imene boma linalamula. Pafupifupi theka la iwo analumpha nkhani ya njira zina, ndipo ena analemba m'mabuku nthawi yaitali kuposa imene anakhaladi ndi munthu. Malamulo okhwima a mu 2010 anadza pambuyo pa kafukufuku ameneyu.

Vuto lina lili kwa olangizidwa eni ake. Ambiri amafika kwa mlangizi atacheza kale ndi wogulitsa kangapo, mtima utagwa kale pa ndalama. Amaona ulangizi ngati chipata chongodutsapo kuti atenge chikalata, motero amangovomera zonse kuti nkhani ithe msanga. Tikumbukirenso kuti mlangizi saloledwa kuuza munthu kuti atenge kapena asatenge, ndipo saloledwa kumulozera banki. Ntchito yake ndi kuunikira. Chikalata chake sichinena kuti ngongoleyo ndi yabwino kwa munthuyo, chimangochitira umboni kuti anauzidwa. Amene wakhala chete ola lonse amatuluka ndi pepala lokha. Safunsa anadya phula.

Komanso tisanene kuti ngongoleyi ndi yoipa kwa aliyense. Kwa wokalamba amene ali ndi nyumba yabwino koma penshoni yochepa, amene afuna kukhala momwemo mpaka imfa, amene angathe kulipira msonkho, ndipo wamvana ndi ana ake kuti nyumbayo mwina sadzaiona, ngongoleyi imathandizadi. Imapweteka amene wailowa asakudziwa mapeto ake.

MFUNDO ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Ngongole imene simukuibweza mwezi ndi mwezi imakulabe. Funsani kuti idzakhala zingati pakutha zaka 5, 10 ndi 20, ndipo chiwerengerocho muchione pa pepala.

2. Wogulitsa ngongole si mlangizi, ngakhale akhale waulemu chotani. Mlangizi weniweni ndi amene sapindula kanthu inu mukasaina kapena mukakana.

3. Funsani zimene zingachititse kuti chikole chilandidwe. Ku America okalamba ambiri analandidwa nyumba chifukwa cha msonkho ndi inshuwalansi, zinthu zimene sanaziganizire tsiku losaina.

4. Onse amene amagona pansi pa denga limene likuikidwa chikole ayenera kumva nkhani yonse, makamaka mayi wa pakhomo. Dzina la munthu lisachotsedwe pa mapepala chifukwa chofuna ndalama zambiri.

5. Musanakongole, yambani mwaona ngati palibe njira ina yopezera chosowacho.

6. Musasaine tsiku lomwe mwamva nkhani. Wokufulumizitsani ali ndi chifukwa chake.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi ngongole ya okalamba imasiyana bwanji ndi ngongole ya nyumba ya masiku onse?

2. Munthu watenga madola 50,000 pa chiwongoladzanja chofanana ndi cha m'chitsanzo chathu. Kodi ngongole yake idzakhala pafupifupi zingati pakutha zaka 10?

3. Tchulani zinthu zitatu zimene zingachititse kuti banki iitanitse ngongole mwini nyumba akali moyo.

4. N'chifukwa chiyani lamulo limaletsa wobwereketsa kusankha kapena kulipira mlangizi?

5. Kodi chinkawachitikira n'chiyani amasiye amene maina awo sanalembedwe pa ngongole chaka cha 2014 chisanafike?

6. Mlangizi saloledwa kunena kuti tengani kapena musatenge. Kodi inu mukuona kuti lamulo limeneli ndi labwino? Fotokozani zifukwa zanu.

7. Pa ngongole iliyonse imene inu munatengapo, kodi ndani anakufotokozerani mapangano ake musanasaine, ndipo iye anali mbali ya yani?